Marbury ankakangana ndi makochi ku NBA, nanga ukochi ku China anaupeza bwanji?

Dunk_ya_Lizulu
Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene munayamba kutsatira NBA ife tikadali kumbuyo, tandithandizeni. Stephon Marbury. Munthu ameneyu paliponse pamene ndawerenga akuti ku America anali wovuta heve, anakangana ndi Larry Brown, anakangana ndi Isiah Thomas, Mike D'Antoni anachita kumukhazika pa benchi osamulowetsa olo mphindi imodzi, mpaka New York Knicks inangomulipira kuti azipita. Nde munthu yemweyo ku China anamumangira chiboliboli, kenako mu 2019 kumupatsa timu yonse ya Beijing Royal Fighters kuti akhale kochi wamkulu. Zimatheka bwanji? Munthu wosamvera kochi angauze anzake kuti mverani kochi? Kapena aku China anangotengeka poti ndi wochokera ku NBA?

Kachewere_Bembeke
Dzina basi aise, palibe chinanso. Olo kuno munthu akangotsika ndege atavala tiraki suti ndi wisulo m'khosi timayamba kumuti kochi kkkk

MadalaTsangano
Ayi Kachewere, pamenepo waphonya. Dzina lokha likanakhala lokwana bwenzi Tracy McGrady ali ndi chiboliboli ku Qingdao, poti nayenso anapita ku China mu 2012 ndipo ku NBA dzina lake linali lalikulu kuposa la Marbury. Anasewera sizoni imodzi, timu yake inathera pansi penipeni pa ligi, n'kubwerera kwawo. Gilbert Arenas chimodzimodzi ku Shanghai, anangodutsa.

Tiyambire kumayambiriro mwana wanga Dunk. Marbury ndi wa ku Coney Island, ku Brooklyn, mu New York momwemo, anabadwa 1977. Anasewera chaka chimodzi chokha ku koleji ya Georgia Tech, mu draft ya 1996 Milwaukee inamutenga pa nambala 4 n'kumusinthanitsa usiku womwewo ndi Ray Allen, iye kupita ku Minnesota. Draft imeneyo ndi ya Allen Iverson, Kobe Bryant ndi Steve Nash, nde ukamva kuti nambala 4 usayese masewera. Ku Minnesota anapeza Kevin Garnett, onse ali tinyamata, aliyense ankati awiriwa adzavuta kwa zaka khumi. Mu 1999 anachita kukakamiza yekha kuti amugulitse, anapita ku New Jersey Nets. 2001 Nets inamupereka ku Phoenix n'kutengako Jason Kidd, ndipo apa ndi pamene mbiri yake inayamba kuda, chifukwa Kidd atangofika, Nets yomwe ija inafika mu fainolo zaka ziwiri zotsatizana, 2002 ndi 2003. January 2004 Phoenix inamutumiza ku Knicks, kenako inasayina Nash, sizoni yotsatira inawina magemu 62. Anthu anayamba kuwerengetsa zala kuti kodi bwanji paliponse pamene wachoka timu ikukwera. All-Star kawiri, 2001 ndi 2003, mapointi cha m'ma 20 ndi ma assist 8 pa gemu kwa zaka zambiri ndithu, koma chikho ziii. Olo ku Olympics ya ku Athens 2004 ija America inachita manyazi kubwerako ndi bronze, analipo, kochi wake Larry Brown yemweyo.

Za ku China ndilemba ndikabwera, andituma ku chigayo.

Sisi_GS
A Madala kutumidwa ku chigayo pa msinkhu umenewu kkkkk amayi akunyumba ulemu wanu

PointGuard_Mayani
Koma tiyeni tizinena mbali zonse. Za pa benchi zija mu 2008 nkhani zake zili pawiri. D'Antoni ananena kuti timu itaperewera osewera anamupempha kuti alowe iye n'kukana, Marbury amati anali atauzidwa kale kuti sali mu mapulani ndiye asamutenge ngati chotsekera mpata. Amene akunama sitingamudziwe tili kuno ku Mayani. Chodziwika n'choti amalandira ndalama zoposa madola 20 miliyoni pa sizoni imeneyo atakhala phee, February 2009 anagwirizana zothetsa kontrakiti, anakamalizitsa sizoni ku Boston Celtics ali wapa benchi, basi NBA kuthera pomwepo ali ndi zaka 32.

Kachewere_Bembeke
20 miliyoni osagwira mpira. Ineyo bwenzi nditakhala pa benchipo mpaka kumera mizu

NaJere_Nsipe
Inu mukuseka koma pali chinthu chimene palibe watchula. December 2007 bambo ake anadwalira mu holo momwemo ku Madison Square Garden akuonera mwana wawo akusewera, anathamangira nawo ku chipatala n'kumwalira, iye anauzidwa gemu itatha. Taganizani kaye zimenezo. Mzinda wakwanu womwe, timu imene umayisapota uli mwana, masapota akukukuwiza, manyuzipepala akukunyoza tsiku ndi tsiku, nde bambo ako apita chonchi. Mu 2009 anthu anamuona pa intaneti akulira, akudya Vaseline pa kamera, dziko lonse linaseka kuti wapenga. Patapita zaka iye mwini anadzaulula kuti anali ndi matenda a maganizo ndipo ankafika poganiza zodzipha. Ine ndimagwira ntchito ndi achinyamata ndipo ndikuuzeni, mnyamata amene timamuti wamwano nthawi zambiri amakhala kuti wasenza chinthu chimene sakutha kuchinena. Sindikuti anali mngelo ayi, za ku Minnesota zija inali nsanje ndi kudzimva, koma musamawerenge munthu ndi ma assist okha.

Dunk_ya_Lizulu
Eish asisi izi nde sindimazidziwa. Ndimangoona kavidiyo ka Vaseline kaja anthu akuseka

MadalaTsangano
Ndabwera. Magetsi anazima ku chigayoko, koma tisiye zimenezo.

China. Anafika January 2010 ku timu ya Shanxi, mu mzinda wa Taiyuan, dera la migodi ya malasha, osati Beijing kapena Shanghai kumene kuli zowalawala. Kuchoka apo anapita ku Foshan sizoni imodzi. 2011 nde analowa Beijing Ducks, timu ya mu likulu koma chiyambire ligi yawo ya CBA inali isanatengepo chikho. Sizoni yoyamba yomweyo, 2012, anagwetsa Guangdong mu fainolo 4-1, ndipo Guangdong nthawi imeneyo ndi imene inkatenga chikho chaka ndi chaka. 2014 anatenganso pogonjetsa Xinjiang, 2015 anatenganso pogonjetsa Liaoning, iye n'kukhala MVP wa fainolo ali ndi zaka 38. Zikho zitatu pa zaka zinayi. Chiboliboli chija anachimanga 2012 masapota atavota pa intaneti, 2015 anamutsegulira kanyumba kosungiramo mbiri yake, 2016 analandira green card ya ku China, chinthu chimene alendo ochepa kwambiri amapatsidwa.

Nde Dunk funso lako lija. Pamene amamupatsa ukochi mu 2019 sankapatsa Marbury wa Knicks, ameneyo aku Beijing analibe naye ntchito. Ankapatsa munthu amene anali atakhala nawo zaka pafupifupi khumi, akudziwa ligi, akudziwa marefa, akudziwa kuti mnyamata wa ku China ukamukalipira pagulu amatani. Ndipo timu imene anamupatsayo ndi yomwe anamalizirako kusewera mu 2018, nthawi imeneyo inkatchedwa Fly Dragons, anangosintha dzina.

Kachewere_Bembeke
Chabwino a Madala mwatiphunzitsa, zikomo. Koma zonse mwatchulazi ndi za wosewera. Ukochi wake watenga chani? Tchulani chikho chimodzi

MadalaTsangano
Palibe. Anapeza timu ili kumunsi kwa ligi, sizoni yoyamba, ija inasokonezedwa ndi Covid, anailowetsa mu ma playoff. Pambuyo pake siinapitenso patali, 2023 anasiyana.

Kachewere_Bembeke
Basi nkhani yatha. Dolo pa bwalo, wamba pa benchi. Ndimanena zomwezo

PointGuard_Mayani
Sumanena zomwezo iwe, umati anamupatsa chifukwa cha dzina la NBA. Osasintha magoli gemu ili mkati

KochiWaLinthipe
Ndakhala chete ndikuwerenga, ndiloleni ndiikepo mlomo poti ntchito imeneyi ndimaigwira ngakhale ndi ya ulere pa bwalo la fumbi.

Kachewere, kutenga timu yozolowera kuluza n'kuilowetsa mu ma playoff si zawamba. Timu yoluzaluza imakhala ndi matenda ake, osewera amabwera ku training mochedwa, akatsalira ndi mapointi 10 amagwetsa mapewa, aliyense amayamba kuponya yekha kuti bola dzina lake lioneke pa pepala. Kuchotsa zimenezo ndi ntchito yaikulu, ndipo ndi ntchito imene munthu ngati Marbury angaithe, chifukwa akalowa mu holo anyamata amaona munthu amene ali ndi chiboliboli panja, akati thamangani amathamanga. Koma ulemu umenewo umakutengera chaka chimodzi, mwina ziwiri. Zikatero matimu ena akuwerenga kale, akudziwa kuti pick and roll yako imapita mbali iti, akukuikira zone, nde pamafunika zina: kukhala usiku kuonera mavidiyo a adani, kudziwa nthawi yoitana time out, kudziwa amene umutulutse akapanga ma foul atatu kota yachiwiri, kukangana ndi mabwana za osewera akunja oti agulidwe poti ku CBA kuli malire a alendo. Apo chiboliboli sichikuthandiza.

Ndipo chovuta china chimene anthu sachiona, umaphunzitsa anzako amene dzulo lomweli mumasambira bafa imodzi. Sun Yue, uja anakhalako ku Lakers, anasewera limodzi ndi Marbury ku Ducks, kenako anadzakhala wosewera wake ku Royal Fighters. Kuuza mnzako kuti lero ukhala pa benchi si zophweka.

Ife kuno tinalandirapo mnyamata wina amene anasewerako bwino ndithu ku koleji mu tauni, anabwera ndi mtima wabwino kuti atithandize. Mpira m'manja mwake umachita kumvera. Koma mwana akalephera lay up ya kumanzere iye amangolanda mpira n'kuti "umangotere", waponya, yalowa. Mwana akuyang'ana. "Umangotere." Sankatha kumasula kuti phazi liti liyambe, poti iye thupi lake linaphunzira kalekale moti anaiwala kuti pali masitepe. Ana anayamba kujomba, iyenso anatopa nawo n'kumati ana a kuno alibe luso. Analipo aphunzitsi ena achizimayi amene sanasewerepo ligi ina iliyonse, iwo amajambula mapazi pansi ndi phulusa, lamanja, lamanzere, dumpha, ndipo ana omwewo anaigwira.

WakuJoni_Kasinje
A Kochi nkhani yanu ndaimva koma musatipangitse kuti aliyense amene anasewera bwino ndi kochi woipa. Steve Kerr anasewera, Kidd mukumutchulayo ndi kochi, Tyronn Lue ndi kochi. Kungoti amene anali dolo kwambiri amavutika kupirira ndi ana ochedwa kugwira.

Ine chimene chandigwira pa nkhani ya Marbury ndi china, poti ndakhala kunja zaka zambiri ndithu. Kunja kuli anthu a mitundu iwiri. Pali amene thupi lili ku Joni koma mtima uli pa depoti, amangowerenga masiku, sadziwa olo moni wa chiZulu, amadya ndi aMalawi okhaokha, kupemphera ndi aMalawi okhaokha. Nde pali amene amati pano nde pakhomo tsopano. Osewera ambiri aku America amapita ku China ngati gulu loyambalo, hotela, holo, hotela, kulandira cheke, March akwera ndege. Marbury amakwera sitima ya pansi ija limodzi ndi anthu wamba, amapita ku sitediyamu kukasapota Beijing Guoan timu ya mpira wa miyendo ya mumzindamo, amalemba nkhani mu nyuzipepala ya China Daily, anachita kudzidinda dzina lake la Chitchaina pa mkono. Eni dziko amaona zimenezo. Bwana wanga woyamba anandipatsa makiyi a shopu osati chifukwa ndinali wanzeru kuposa anzanga, koma poti December anzanga onse atathawira kumudzi ine ndinatsala.

Sisi_GS
Munatsala poti munalibe thiransipoti achimwene musatinamize kkkk

WakuJoni_Kasinje
Iwe Sisi ndidzakusiya pa Mwanza ndi katundu wako

Mngoni_wa_Gomani
Akulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Nde aku China anamuona kalumo kake

Kachewere_Bembeke
Kalumo kanabuntha 2023 angoni, werengani mmwambamo

Dunk_ya_Lizulu
Kkkkk. Koma nde kuti ndimvetse, vuto linali New York kapena linali iye?

MadalaTsangano
Zonse. Iwe ndi wa pa Lizulu ukudziwa, mbewu ya kachewere imene imabereka kuno ku Tsangano ukaitsitsira ku Golomoti kotentha kuja ungalire, mbewu yomweyo. Ku NBA ankafuna kuti mpira uzidutsa mwa iye nthawi zonse koma panali ena omuposa, ndipo matimu amene amawina anali oti mpira ukuyenda. Ku Beijing anapeza timu imene imafunadi munthu woti atenge mpira mphindi zomaliza, kochi wake Min Lulei anamupatsa mpata ndi ulemu, nayenso anali atakula, atagwa kale, alibenso choti adzitame nacho. Munthu wa zaka 34 amene dziko lamuseka samafanana ndi kamnyamata ka zaka 22 kamene kakufuna kontrakiti yofanana ndi ya Garnett.

PointGuard_Mayani
Chimene chimandiseketsa ine, D'Antoni amene anamukhazika pa benchiyo njira yake ndi yomweyinso. Mu America anasewerako pang'ono osadziwika, 1977 anapita ku Italy ku Olimpia Milano, anakhalako mpaka 1990, anatenga nawo chikho cha ku Ulaya 1987 ndi 1988, mpaka kuvala jezi ya dziko la Italy. Atangopachika nsapato anamupatsa timu yomweyo kuti aphunzitse, kenako Treviso, nde kubwerera ku NBA ali kochi wakupsa kale, 2005 Coach of the Year ku Phoenix. Kusiyana kwake D'Antoni anabwerako ndi nzeru ya kaseweredwe, mpira wothamanga uja wosadikira wotchi, Marbury sindinamvepo wina akunena kuti kaseweredwe aka ndi ka Marbury.

KochiWaLinthipe
Apo wanena Point. Kochi amadziwika ukaona timu yake itavala ma bibu opanda dzina koma iwe n'kuzindikira kuti awa ndi ana a uje.

Mngoni_wa_Gomani
Nanga bwanji tikungokamba za azungu ndi aku America, athu a kuno? Kinnah Phiri anasewera Bullets, anakaphunzitsa ku Swaziland, anakaphunzitsa Free State Stars ku South Africa, anabwera kudzatitengera ku AFCON ya ku Angola 2010 tinamenya Algeria 3-0. Patrick Mabedi anali kaputeni wa Kaizer Chiefs, anadzakhalanso pa benchi ya Chiefs yomweyo ngati wothandizira kochi. Si zomwezi?

Kachewere_Bembeke
Ndipo Pasuwa ndi wa ku Zimbabwe, anabwera kuno n'kumangotenga ligi ndi Bullets chaka ndi chaka. Uyo nde kochi wa kunja amene ndingamuvulire chipewa, osati wa chiboliboli wanuyo

Nyerere_Kampepuza
Pasuwa anapeza timu ya ndalama, olo ine ndikanawina. Abwere adzatenge Dedza Dynamos tione

Kachewere_Bembeke
Yayamba nsanje ya Manoma. Dynamos isiyeni, pa Dedza Stadium mukabwera June mumachita kuuma miyendo ndi chisanu

Nyerere_Kampepuza
Chisanu nde player wanu wa nambala 12 kumene

Admin_Chongoni
Abale gulu lino ndi la basketball. Za Maule ndi Manoma zili ndi magulu ake oposa 100, pitani kumeneko. Tibwerere kwa Marbury chonde.

Sisi_GS
A Admin ndisanabwerere ndiponyeko kamodzi. Mwawi Kumwenda wasewera netball ku Australia zaka zambirimbiri ku Melbourne Vixens, mpaka kutenga nawo ligi 2020. Tsiku limene adzati ndikufuna ukochi, mukuona ngati adzayambira kuno kapena konko? Ine ndikuti konko, ndipo tisadzadandaule, poti kumeneko kuli makosi a ukochi, ma holo, malipiro. Kuno timadikira munthu atchuke kunja nde tiyambe kumuti ndi wathu.

NaJere_Nsipe
Zoona Sisi. Ndipo ukabwera kuno ndi nzeru zako amayamba kukufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani.

Dunk_ya_Lizulu
Ine nde ndikufuna ndidzakhale kochi wa kunja tsiku lina, osaseka

Mngoni_wa_Gomani
Iwe pa Lizulu ukangodumpha msewu wa M1 uli kale ku Mozambique. Sonkhanitsa ana tsidya linalo Loweruka, basi ndiwe kochi wa kunja, pasipoti osafunika kkkkk

PointGuard_Mayani
Mukuseka koma Mozambique pa basketball si anzathu. Atsikana a Ferroviário de Maputo anatenga chikho cha makalabu a mu Africa 2018 ndi 2019. Dunk akafika ku Maputo akakhala wotola mipira kaye

KochiWaLinthipe
Palibe choipa kutola mipira, ambiri anayambira pomwepo. Koma Dunk ngati ukunenetsa, tengera chitsanzo Tom Hovasse kusiyana ndi Marbury. Ameneyo ku NBA anangosewera timagemu tiwiri ku Atlanta, zaka zake zambiri za mpira zinali ku Japan, makamaka ku timu ya Toyota. Atasiya kusewera sanathamangire ukochi waukulu, anakhala wothandizira kaye zaka zambiri ku kalabu ya atsikana, 2017 nde anapatsidwa timu ya dziko ya atsikana, ku Olympics ya Tokyo anafika nayo mu fainolo n'kutenga siliva, anagonja kwa America yokha. Atsikana aafupi kuposa matimu ena onse akuluakulu, iye anati tizithamanga ndi kuponya ma three. Ndipo amawakalipira mu Chijapanizi chenicheni, opanda womasulira. Time out ndi mphindi imodzi yokha, ukamadutsira mwa womasulira theka la nthawi lapita, ndipo ukali wako umafika utazizira. Makochi ambiri akunja ku China amavutika pomwepo.

Marbury anadumpha sitepe imeneyo ya wothandizira. Ndipotu mpata unalipo. 2017 Ducks inkafuna kuti asiye kusewera alowe mbali ya ukochi, iye anati ndikadali ndi mphamvu ndikufuna chaka china pa bwalo, sanamvane, nde chifukwa chake anakamalizira ku Fly Dragons. Akanavomera bwenzi ataphunzira ntchito ali pambali pa wina, zolakwitsa zake zosaonekera pa TV.

WakuJoni_Kasinje
Koma a Kochi munthu wakupatsani zikho zitatu, akupempha chaka chimodzi chokha kuti atsanzike akusewera, inu n'kumukaniza? Ducks inalakwa pamenepo. Kunja n'chimodzimodzi kulikonse, amakukonda ukamagwira, mawondo akayamba kulira amakuonetsa chitseko mwaulemu.

Kachewere_Bembeke
Anali ndi zaka 40 akulu, ndipo malo a alendo ndi owerengeka. Timu si malo osungira okalamba

MadalaTsangano
Mawu amenewo ndawasunga Kachewere, udzafika

NaJere_Nsipe
Ine pa zonse za munthu ameneyu chimene ndimamulemekezera ndi nsapato. 2006 anatulutsa nsapato zake za Starbury pa mtengo wa madola 14.98, nthawi imene za Jordan zinali zoposa madola 100, ndipo amazivala yekha mu magemu a NBA kuti anthu asati ndi zachabechabe. Amati anakulira m'banja losowa ndipo amadziwa mmene mayi amamvera mwana akamalirira nsapato. Ndikaona ana athu akusewera pa simenti ndi ma slipasi, ena kubwerekana nsapato wina akatuluka wina alowe, ndimati munthu ameneyu mutu wake unkagwira ndithu olo anthu ankamuti wopenga.

Sisi_GS
Za pa kaunjika nazo masiku ano sizogwirika, ndipo size 11 kupita mmwamba ukaipeza ndi mwayi. Ana ataliatali amene timawafuna pa basketball ndi amene alibe nsapato

PointGuard_Mayani
Sitolo zimene zinkagulitsa Starbury zinagwa patangopita zaka zochepa, nde nkhani inazilala. Koma ganizo linali labwino.

Mngoni_wa_Gomani
Nanga uja wa South Sudan ndi ndani? Anatsala pang'ono kugwetsa America ija ya LeBron

MadalaTsangano
Royal Ivey. Nayenso ndi wa ku New York, anasewera NBA ku Atlanta, Milwaukee, Philadelphia, Oklahoma City, koma sanali nyenyezi, anali wa ntchito zakuda, kumaka ndi kukhala pa benchi. Atasiya anayamba ngati wothandizira, 2021 Luol Deng amene ndi pulezidenti wa bungwe la basketball ku South Sudan anamuitana. Dziko lopeza ufulu 2011, lopanda olo holo yabwino yosewerera nthawi imeneyo, anapita nalo ku World Cup 2023, anapita ku Olympics ya Paris 2024, anamenya Puerto Rico 90-79. Gemu ukunenayo inali yokonzekera ku London, inatha 101-100, LeBron anachita kuwapulumutsa masekondi omaliza. Ukafunsa ine kuti pakati pa Ivey ndi Marbury kochi ndani, ndi Ivey mosakaika. Ukafunsa wosewera, Ivey sangamasule olo zingwe za nsapato za Marbury.

Kachewere_Bembeke
Mwafika pa mfundo yanga mochedwa a Madala koma takulandirani

MadalaTsangano
Sindinafike pa mfundo yako. Iwe umati ukochi anaupeza ndi dzina la NBA, ine ndikuti anaugula ndi zaka zimene anakhala ku China, ndipo anauyenera. Kuti anauchita bwanji ataupeza ndi nkhani ina.

WakuJoni_Kasinje
Komanso za South Sudan musaiwale kuti osewera ake ambiri anakulira ku Australia, America, Canada chifukwa cha nkhondo, anaphunzira mpira kumeneko, ndipo Deng amatulutsa ndalama za m'thumba mwake kulipira maulendo. Si kochi yekha. Ife tingabweretse Ivey lero ku Ntcheu, apeza ring yopindika ndi mpira umodzi wophulika, atani?

KochiWaLinthipe
Ajambula mapazi ndi phulusa ngati tonsefe. Koma zikusintha pang'onopang'ono, Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikupita kukapikisana nawo pofuna malo mu BAL, ligi ya makalabu a basketball a mu Africa, ana athu akuona kuti pali kolowera. Chimene ine ndimapempha a BASMAL, bungwe loyendetsa basketball kuno ku Malawi, n'choti makosi a ukochi asamangothera Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Aphunzitsi a m'masukulu a kuno ndi amene amagwira mwana koyamba, akamuphunzitsa kuponya molakwika ali Form 1 palibe adzamuwongole.

Dunk_ya_Lizulu
A Kochi Loweruka mumayamba nthawi yanji? Ndikhoza kukwera ya m'mawa ndidzaoneko, olo kutola mipira komweko

KochiWaLinthipe
2 koloko, m'mawa ana amakhala ku dimba. Ubwere ndi pampu ngati uli nayo, yathu singano inathyoka.

PointGuard_Mayani
Mwaiwala chimodzi a Madala. Marbury atachoka ku Royal Fighters 2023, mukudziwa analowa m'malo mwake ndani? Min Lulei, kochi wake yemwe uja wa ku Ducks amene anatenga naye zikho zitatu.

Kachewere_Bembeke
Kkkkkk nde kuti anaitana mwini wake wa ntchito

NaJere_Nsipe
Nayenso Min Lulei chichokereni Marbury pa bwalo watenga zingati? Tawerengani kaye musanaseke.